Nkhope ya Pakona ya Sikirini

Lachinayi, 17 Okutobala

Okondedwa Achemwali,

Ndiyambe ndi moni, poti munandiphunzitsa ndi makofi ndili mwana kuti munthu salowa m'nyumba nkhani ili patsogolo. Muli bwanji kumeneko, inu ndi odwala anu? Kuno tilipo, tikukankha.

Mudabwa kuti kalata ya pepala yatani masiku ano, mafoni ali mbwee. Chifukwa chake ndi inu nomwe. Pafoni mumandidula. Nkhani ikangoyamba kukhotera kwa malemu achimwene, mumati, "Iwe, belu lalira ku wodi," ngakhale ine ndikumva bwinobwino kuti muli kunyumba ndipo chikulira ndi ketulo. Pepala simungalidule. Mutha kuling'amba, koma ndimakudziwani: mudzaling'amba mutawerenga mpaka pansi.

Ndalama za kompyuta zija zinafika, ndipo ndalandira ndi manja awiri. Munazitumiza ndi lamulo lake: "Ugule yatsopano, zakale zonsezo utaye, usasungeko ngakhale waya." Ndikulemba kuti ndikuuzeni mmene ndamverera lamulolo, ndi pamene ndalikhotetsa.

Shopu simunaionepo, ndiye ndikujambulireni. Ndi kachipinda kopapatiza, kopanikizika pakati pa wometa tsitsi ndi wodula makiyi, moti tsiku lonse khutu lina limamva mashini ometera, lina limamva chitsulo chikulira. Muli tebulo limodzi loyang'ana kukhomo. Wolowa amaona msana wa sikirini ndi chipumi cha wojambula, basi. Achimwene sankalola munthu kuzungulira tebulolo. Ine amene, ndikabwera patchuthi kuchokera ku koleji, mtima uli dyokodyoko kufuna kuwaonetsa zimene ndaphunzira, ankandiimitsa ndi dzanja: "Mlendo salowa kukhitchini, aphunzitsi. Khalani pabenchi." Tebulo limenelo ndinalizungulira koyamba titachoka kumanda.

Ntchito yake ndi yomwe ija: makhadi a ukwati, mapositala, zikwangwani za masitolo, mabuku a zithunzi. Pafupifupi chilichonse chimakhala ndi nkhope ya munthu. Musunge zimenezi, tibwererako.

Kompyuta yawo inafa mwezi wathawu, masana dzuwa likuswa mtengo. Kunangomveka kuti phu, kenako kafungo ngati ka tsitsi lopsa, mpaka wometa anasuzumira kudzafunsa ngati ndayamba kumulanda makasitomala. Chinapsa ndi pawa sapulayi, kabokosi kogawa magetsi m'kati, ndipo sikanapite kokha: kanatenga ndi disiki yomwe, mmene munali ntchito zonse za achimwene. Mafoda awo ndinali ndisanawatsegulepo. Ndinkati ndidzatsegula mtima ukakhala pansi. Zengerezu uja mukudziwa kumene anathera.

Kompyuta yomangamanga ya m'sitolo yamagalasi, ndalama zanu zikanangogula fungo lake. Choncho ndinapita kwa mkulu wina wogulitsa zipangizo, kumene umasankha chimodzichimodzi iwo n'kukumangira. Anthu amawatcha a Zotheka, chifukwa palibe chimene ungawafunse osayankha mawu amenewo. Malo awo ndi kachipinda kakatali kodzaza makompyuta otumbulidwa mimba, ndipo iwo amakhala kumapeto, sikuludiraiva ili kukhutu ngati pensulo ya kalipentala.

"Bwana wojambula! Mwabwera ndi maliro kapena ndi mimba?"

"Zonse ziwiri," ndinatero. "Yakale yafa, ndikufuna yatsopano. Koma thumba ndi lowonda."

"Zotheka. Thumba lowonda ndi limene limaphunzitsa munthu nzeru. Khalani pabokosipo, koma osatsamira, ndi la kasitomala."

Tinayamba ndi purosesa, ubongo wake wa kompyuta. Anandionetsa yotuluka kumene, ine n'kuloza mkulu wake wa zaka zapitazo, yapakatikati, yosatchuka koma yogwira ntchito, ngati ine. Pa ramu sindinaumire. Ramu ili ngati kukula kwa tebulo: positala yaikulu ya zithunzi zambirimbiri zosanjikizana imafuna poyala, ndipo tebulo likachepa kompyuta imayamba kuika zinthu pansi n'kumazitola, iwe uli chikhalire kuyang'ana kanthu kozungulirazungulira kaja. Madisiki ndinatenga awiri, yaing'ono yothamanga yogwirirapo ntchito ndi yaikulu yaulesi yosungira makope, poti moto unandiwotcha uja sindinauiwale. Pa pawa sapulayi anafuna kundigwiritsa kotchipa kopanda dzina, kopepuka ngati bokosi la machesi.

"Aka n'kamphamvu, bwana, kangowonda thupi."

"Mbale wake ndi amene anandiphera disiki. Ndipatseni yolemera."

Kenako anatulutsa bokosi loikamo zonsezi, lagalasi, la timagetsi tamitundumitundu tothwanima ngati minibasi ya mnyamata wosakwatira. "Makasitomala akaona ili, mtengo mukweza osafunsidwa." Ine ndinakumbukira chikomekome cha mkuyu, n'kusankha lakuda, lopanda manyado, lokhala ndi kachipsera pambali. Mpaka apa ndinali mwana womvera, Achemwali. Mukanandinyadira.

Panatsala zinthu ziwiri: gilafiki khadi, yothandiza kompyuta kunyamula zithunzi zolemera ndi makanema, komanso sikirini. Ndalama zinatsala za chimodzi chokha.

"Zotheka," anatero mkuluyo ndisanafunse n'komwe. "Sikirini yakale ija ya malemu mubwere nayo. Ndili ndi munthu wofuna yongoonera makamera a pageti, za mitundu alibe nazo ntchito. Tisinthanitsa, inu mutenge zonse ziwiri."

Zinali ngati mwawatuma ndinu. Lamulo lanu likwaniritsidwa, ine ndipeza zonse. Ndinavomera.

Sikirini yabwino sindinkaifunira matama. Chikhalireni pampando wa achimwene, nkhope zimandikana. Pa sikirini munthu amaoneka bwinobwino, koma akatuluka papepala amakhala wotuwa ngati wagona paphulusa, kapena wofiira ngati njerwa. Mkwatibwi wina anatuluka pakhadi ali mbuu, mayi ake n'kubwera kudzaliponya patebulo: "Mwana wanga akukwatiwa, bambo, sakuikidwa m'manda." Mayi amene amatisindikizira, eni makina aakulu kuseri kwa msewu wathu, andipirira chifukwa cha ulemu wa achimwene. Koma andipatsa ntchito ya buku la zithunzi za ana omaliza sukulu, lofunika kumapeto kwa mwezi uno, ndipo sanapsatire mawu: "Nkhope zimenezi zikatuluka za mizukwa, ine ndi iwe tizingopatsana moni." Ntchito zambiri za shopu ino zimadzera kwa mayi amenewa. Akanditaya nditseka chitseko, ndipo alamu ndi ana adzadya chikwangwani.

Chifukwa chake ndinkachidziwa. Sikirini yakaleyo yakalamba, yachita chikasu ngati mano a wosuta fodya, ndiye imanama. Chimene sindinkamvetsa n'chakuti achimwene ankagwiritsa ntchito yomweyo, yabodza yomweyo, koma nkhope zawo zinkatuluka zopuma.

Tsopano pali china chimene sindinakuuzeni pafoni, poopa kuti munditumizira mankhwala a mutu. Pa sikirini imeneyo pali munthu.

Musaseke. Pakona yakumanja, pamwamba. Ukatsegula chithunzi saoneka. Koma ukatseka zonse, sikirini n'kungotsala yotuwa, amatulukira pang'onopang'ono ngati mpweya wa m'kamwa pagalasi: mutu, khosi, mapewa. Alibe maso, alibe pakamwa. Ndinamuona sabata yoyamba, m'mawa, ndikumwa tiyi, ndipo tiyiyo anathera pathalauza. Ndine munthu wopita kusukulu, ndikudziwa kuti chithunzi chikakhala malo amodzi pa sikirini zaka ndi zaka chimasiya chipsera. Ndinadzifotokozera zimenezi mokweza mawu, mwachikoleji. Koma tsitsi la kunkhongo silinapite ku koleji, linaimabe.

Ndinkati ndi achimwene. Nanga akanakhala ndaninso? Munthu anayang'ana galasi limenelo theka la moyo wake. Ndinayesa kumatapo kapepala, koma ndinkamumvabe kuseri kwa kapepalako. Wometa nditamuonetsa, anayenda chafutambuyo mpaka kukhomo nati, "Ase, ine ndimameta amoyo okha." Mapeto ake ndinazolowera kumupatsa moni m'mawa. Ndikalakwitsa nkhope, ndinkaona ngati mutuwo wapendekeka pang'ono, mmene ankachitira achimwene akafuna kunena kuti koleji yanga inalowa m'madzi. Choncho kunena zoona, a Zotheka atatchula zosinthanitsa, mtima wina unati: apite, ndipumeko.

Loweruka m'mawa sikirini yakale ija ndinaikulunga m'bulangete. Ndili pakati pomanga chingwe, analowa alamu, akazi a malemu. Amabwera Loweruka lililonse kudzasesa, ngakhale ndimasesa ndekha. Ndinasiya kuwaletsa.

"Alamu, khandalo mukupita nalo kuti?"

Ndinawauza. Anaimika tsache pakhoma.

"Taiyatsani kaye. Kamodzi kokha."

"Muli munthu m'menemo, alamu. Sindinafune kukuuzani."

"Yatsani."

Bokosi latsopano lija linali litafika dzulo lake, likungodikira ziwiri zotsalazo, ndiye ndinailumikiza. Tinadikira, poti kuona maso a nkhono n'kudekha. Mutu unatuluka, khosi, mapewa. Ine ndinazolika, ndikuyembekeza kulira. Chimene ndinamva ndi phwete. Anaseka alamu mpaka kukhala pabenchi, kenako kusekako kunatembenuka, anatseka pakamwa ndi nsonga ya mpango.

"Inu mumati ndi ndani ameneyu?"

"Achimwene."

"Amuna anga? Ndi dazi lija? Tayang'anitsitsani pamwamba pa mutupo. Dazi limamangidwa mfundo? Nanga timapewa iti? Amuna anga chitseko ichi ankalowa chammbali."

Ndinayang'anitsitsa. Pamwamba pa mutu panalidi kamfundo ka tsitsi. Ndipo kupendekeka kuja sanali maso anga ayi. Khosi linapendekeradi kumanzere, mmene munthu wina amene ndimamudziwa amaimira akamajambulidwa, ngati akufunsa wojambulayo kuti amaliza liti.

Ndinu, Achemwali.

Ndi chithunzi chija anakujambulani achimwene pakhonde, tsiku limene munavala yunifolomu ya unamwino koyamba. Alamu anafotokoza akupukuta mphuno:

"Akangoyatsa m'mawa, choyamba kunali kutsegula chithunzi cha mlongo wawo n'kuchikankhira pakonapo. Mpaka kuweruka. Nkhope iliyonse imene akukonza ankaiyandikiza pafupi ndi iyo. Titangokwatirana ndinkachita nsanje, ndinati, bwanji osaikapo ine? Akuti, 'Iwe ndakudziwa uli wamkulu kale, ukudzola zodzolazi. Uyu khungu lake ndinaliloweza, ndinkamusambitsa ndine. Sikirini ikanama pa iye, ndidziwa mmene yanamira pa ena onse.'"

Ndiye matsenga onse anali amenewo. Sikirini ikachita chikasu, inunso munkachita chikasu, iwo n'kudziwa kuti abweze mtundu mpaka pati. Akuda bii ankawayeza kuchokera pa inu, oyererako chimodzimodzi. Akwati onse a m'dera lino, ana asukulu, oimba kwaya, eni masitolo, onsewo anatuluka papepala atatsamira pa nkhope yanu, inu osadziwa.

Ndinafunsa funso limene inunso mukulifunsa pano. Ndinalipo tsiku lija titaika amayi, inu mutalephera kufika, achimwene ataima pakhomo foni ili kukhutu. Ndinamva ndi makutu angawa: "Nkhope yako sindifunanso kuiona." Inu munawamvera. Banja lathu lino kumvera timakudziwa pa zolakwika zokha. Simunabwerenso, ngakhale pamene iwo anagona m'bokosi.

"Nanga atayankhula mawu aja?" ndinafunsa alamu. "Anachichotsa?"

"Anatseka shopu masiku a maliro. Tsiku lotsegula ndinawaperekeza. Anayatsa, kenako anachitsegula n'kuchikankhira pakona pomwepo. Ndinati, si paja munati simufuna kumuona? Akuti, 'Ndi ntchito iyi, mayi, usandisokoneze.'" Alamu anapukusa mutu. "Ntchito! Tsiku limenelo kunalibe ndi kasitomala mmodzi yemwe."

Ndinapinda bulangete lija n'kupita kwa a Zotheka chimanjamanja.

"Sikirini ili kuti, bwana?"

"Yakana kubwera. Gilafiki khadi ija ibwezereni pashelefu. Ndipatseni sikirini yabwino ija, yosanyezimira, imene mtundu susintha ukaipenyera chammbali."

"Mukumanga galimoto yopanda giya yokwerera phiri! Makanema muzipanga bwanji?"

"Sindipanga makanema. Purosesa ili ndi kamphamvu kakekake ka zithunzi, makhadi ndi mapositala ikwanitsa. Ikamachedwa ndiziwiritsa tiyi."

"Nanga galasi lokalamba lija mukulisungiranji? Muli golide?"

"Muli mlongo wanga."

Anachotsa sikuludiraiva kukhutu, naibwezeranso. Koyamba chiwadziwireni, sananene mawu awo aja. Anangoti, "Ndikukulungireni bwino, kunja kuli fumbi."

Ndiye patebulo pano pali masikirini awiri. Yatsopanoyi imanena zoona, ndipo nkhope zayamba kubwerera. Ndinapititsa tsamba loyesera kwa mayi osindikiza aja. Anapita nalo pawindo, nati, "Awa ndiye ali moyo. Koma akuoneka ngati achira kumene." Akunena zoona. Sikirini yabwino imakuonetsa chimene wapanga, koma siikuuza kuti munthu wamoyo amaoneka bwanji. Pamenepo mpofunika nkhope imene unailoweza, ndipo ine mzime, amene ndinakulira kumbuyo kwanu, ndili nayo imodzi yokha. Chithunzi chija chinapsa ndi disiki. Chotsala pakonachi chilibe mtundu.

Ndiponso chikuzirala. Chipsera chotere chikasowa chochidyetsa chimatha pang'onopang'ono. Chakhala chikuzirala chimwalirireni achimwene, ine ndinkangoti maso anga azolowera. Sabata yatha ndinkaona mapewa onse awiri. Lero m'mawa lakumanzere ndalifunafuna osalipeza. Ndikayatsa ndimaopa, ndikazimitsa ndimaopa. Poyamba ndinkaopa kuti m'shopu muno muli munthu. Pano ndikuopa tsiku limene ndidzayatse n'kupeza galasi lokhalokha.

Pempho langa ndi ili, ndipo musandiyankhe kuti belu lalira. Nditumizireni chithunzi chanu mwezi usanathe. Osati zija za pafoni zimene zimakusalazani ngati chidole cha m'sitolo. Muime panja, pamthunzi, masana, osadzola kanthu, makwinya onse alipo. Ndikudziwa kuti imvi zayamba, sindiuza munthu. Chimenecho chipulumutsa buku la ana asukulu. Koma ngati mukufuna kuti ntchito ituluke bwino kwenikweni, kamera ya achimwene ili m'kabati muno, ndipo pakhomo pa shopu kuwala kumagwa bwino chakum'mawa. Ndidzakulolani ngakhale kuzungulira tebulo.

Za lamulo lanu lija, mawaya onse ndinatayadi, kupatula awiri amene akukusungani pakonapo.

Alamu akupereka moni, akuti nsanje inatha kalekale, mubwere mudzaone ana, wamkulu uja watenga khosi lanu. Wometa akuti ngati mzukwawo ndi namwino wamoyo, mumuuze mankhwala a msana. Moni wa achimwene sindingaupereke, poti sananditume, ndipo akufa sindimawanamizira. Ine ndangokuuzani pamene ankayang'ana.

Ndine mlongo wanu,
Mzime wosamva uja